Fayilo Yakale ya Achimwene Anga

1

Anthu akalandira kalata yoopsa kuntchito amabwera nayo kwa ine. Ndine kalaliki pa kampani ina yothandiza amalonda kudutsitsa katundu pa boda ya Mchinji, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala mlembi wa bungwe la antchito a pamenepo. Sukulu yanga ndi yamadzulo. Mayeso a Folomu 4 ndinalemba ndili kale ndi ndevu, nditakhala benchi limodzi ndi atsikana amene ankanditchula kuti ankolo. Sindifulumira kuyankha, sindifulumiranso kuweruza munthu, ndipo anzanga amati kumeneko ndiye kukhwima maganizo.

Nkhaniyi ndi ya mkulu wanga, achimwene a Kefasi, ndi ntchito yawo ya udalaivala.

Anandipeza Lachiwiri masana ndikudya chimanga chootcha kuseri kwa ofesi. Moni sanapereke. Anangotulutsa envelopu m'thumba la malaya.

"Tawerenga, Eneya. Undiuze ngati wapenga ndine kapena iwowo."

Kalatayo inachokera ku kampani yaulimi imene ankayendetsako lole ya mtedza ndi fodya kuyambira mu 2021. Inati ayambe akhala kunyumba, ndipo Lachisanu akaonekere pamaso pa mabwana ku ofesi ya pa Kamwendo. Polowetsa mafayilo akale m'kompyuta, kampaniyo inapeza kuti Kefasi, wa dzina la bambo lomweli, tsiku lobadwa lomweli, nambala ya setifiketi ya Folomu 2 yomweyi, anagwirapo kale ntchito pa esiteti yawo ya ku Dambe kuyambira mu 2008, ndipo anachotsedwa mu 2009 pa mlandu waukulu.

"Ku Dambe ndinapitako kamodzi, kumaliro," anatero achimwene. "Mu 2008 ndinali ku Chipata, ndikugona pansi pa malole m'galaja ya a Zakeyu. Iwe ukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Nanga Kefasi wachiwiriyu wachokera kuti?"

Ndinapinda kalata ija bwinobwino. "Musayankhe kanthu musanaone fayiloyo. Ndi ufulu wanu kuiona. Ndi ufulu wanunso kupita ndi wokuperekezani."

"Wondiperekeza ndiwe, mphwanga. Ndikakhala ndi iwe sindiopa bwana aliyense."

Ntchito imeneyi anaiyembekezera zaka zisanu ndi zinayi akuyendetsa maminibasi a eni mwaganyu. Ndiyo inafolera malata nyumba yawo ku Chiosya, kwawo kwa akazi awo, alamu a Linda. Ndiyo inkaphunzitsa ana atatu. Loweruka lililonse loleyo ankaitsuka okha, ngakhale kampani inali ndi otsuka ake.

2

Chakumadzulo tinapita kwa amayi. Tinawapeza pakhonde akusenda mtedza wa mbewu.

"Amayi," anatero achimwene, "setifiketi yanga ija ndinakusungitsani popita ku Chipata, munabwereketsapo munthu?"

Amayi sanadzutse mutu. "Munthu wake uti?"

"Ndi zimene ndikufunsazo."

"Sutikesi yanga imatsegulidwa ndi ine ndekha. Utabwerako unaipeza setifiketi yako kapena sunaipeze?"

"Ndinaipeza."

"Ndiye ukundifunsa chiyani? Ndimadziwa kuwerenga ine kuti ndizigawa mapepala?"

Ndinalowererapo. Ndinakumbutsa achimwene kuti asanapite ku Zambia anasiya makope a setifiketiyo m'maofesi ambiri pofunafuna ntchito, ndipo masiku amenewo, chiphaso cha unzika chisanabwere, munthu ankalembedwa ntchito ndi pepala la wina popanda womufunsa. Achimwene anagwedeza mutu kuvomereza. Zinali zomveka. Zimene ndimanena ine zimakhala zomveka nthawi zonse.

Potsanzikana amayi anatipatsa mtedza m'majumbo awiri. Wa achimwene unali wambiri kuposa wanga.

3

Lachinayi ku ofesi ya pa Kamwendo anatilandira mayi wina wachitsikana dzina lake Favour, woyang'anira za antchito. Anali waulemu. Anatifotokozera kuti esiteti ya ku Dambe inatsekedwa kalekale, mabwana ake anabalalika, ndipo chinatsala ndi makatoni a mafayilo amene makoswe anali atayamba kale kuwerenga. Anaika imodzi patebulo.

Inali yopyapyala. Chithunzi munalibe, chifukwa pa esiteti sankajambula anthu. Munali kope la setifiketi ndi dandaulo la tenanti wina wochokera ku Phalombe. Kefasi wa m'fayiloyo anali kalaliki wogawa phoso, chimanga chimene esiteti inkapatsa matenanti mwezi ndi mwezi kufikira fodya atagulitsidwa. Mu Januwale ndi Febuluwale, njala ili pachimake, anasiya kupereka phoso ku banja la tenantiyo, n'kumati dzina lawo silikuoneka m'kaundula. Linaoneka tsiku limene mwana wawo wamkazi, Tiyamike, wa zaka makumi awiri, anavomera kupita kunyumba kwa kalalikiyo. Mtsikanayo anatenga pathupi.

Achimwene anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atamaliza anakankha fayiloyo ngati mbale ya ndiwo zosasa.

"Ameneyu si munthu, ndi galu. Kumana anthu chakudya kuti ugone ndi mwana wawo? Ndiye galu ameneyu wavala dzina langa?"

Pepala lomaliza linali lovomera mlandu, lotayipidwa ndi makina akale. Pansi pake panali siginecha yokhotakhota ndi chidindo cha chala chachikulu, cha inki yabuluu.

Achimwene anaimirira. "Mayi, nkhani yathera apa. Bweretsani inki. Chala changa ndi ichi."

"Ife si akatswiri a zala, bambo," anatero Favour. "Amadziwa zimenezo ndi apolisi. Mukafuna tiwalembera, koma zingatenge miyezi. Nthawi yonseyo mukhala muli kunyumba, ndipo lole singadikire munthu."

"Ndidikira."

Ndinawagwira pamkono. "Tiyeni tikaganize kaye panja, achimwene."

4

Tinakhala mu tiyirumu ina pafupi ndi siteji ya akabaza. Ndinatsegula kabuku ka malamulo a kampaniyo, kamene Favour anatibwereka, n'kuwalozera ndime ziwiri. Yoyamba inati kalata yochenjeza imatha mphamvu pakapita chaka. Yachiwiri inati munthu amene anachotsedwa kenako n'kulembedwanso ntchito amayamba ndi fayilo yatsopano, ndipo milandu yake yakale siwerengedwanso.

"Mwaona? Ngati munthu ujayo ndinu, sangakuchiteni kanthu. Analangidwa kale. Mlandu umodzi sazenga kawiri."

"Koma si ine."

"Mboni yanu ndani? A Zakeyu anamwalira. Galaja ija pano ndi shopu ya mafoni. Ku Chipata munkalowera njira ya kumunda, chidindo cha pa boda mulibe ndi chimodzi chomwe. Mukakakamira za apolisi, mvula idzagwa kawiri musanamve yankho, ndipo podzabwerera mudzapeza mnzanu atakhala pampando wa lole yanu."

"Ndiye ndivomere kuti zauve zijazi ndinachita ndine?"

"Mukuvomera pepala, osati tchimo. Mulungu akudziwa kumene munali."

"Linda akamva?"

"Zokambidwa m'chipinda chija zimathera momwemo. Ndi lamulo."

Tiyi anali akuzizira. Kunja akabaza ankalimbirana mayi wina wa dengu la tomato.

"Bambo athu akanakhala moyo akanandimenya mbama," anatero.

"Bambo athu sanalembedwepo ntchito."

Anaseka pang'ono. "Iwe sukulu yamadzulo inakupindulira. Ine Folomu 2 yanga inangokalambira mu sutikesi. Lemba, ndisaina."

Ndinalemba m'Chingelezi chabwino, ndime zitatu. Kalatayo inati ndine Kefasi amene ndinagwira ntchito ku Dambe, ndinalakwa ndili mnyamata, chilango changa ndinalandira, ndipo ndikupempha kuti lamulo la fayilo yatsopano litsatidwe. Achimwene anasaina asanamalize kuwerenga.

5

Lachisanu kuseri kwa tebulo kunali anthu atatu. Wapampando anali a Benedict, bwana wa za malole. Anawerenga kalata yathu kawiri, n'kunong'onezana ndi anzawo.

"Amene analemba izi amadziwa malamulo," anatero. "Tavomereza. Mlandu wa ku Dambe ndi wakufa, sitiukhudza."

Achimwene anandiponda phazi pansi pa tebulo, kukondwa.

"Koma pali ichi." A Benedict anatulutsa fomu imene achimwene anadzaza pofunsira ntchito mu 2021. "Funso la nambala 9. Kodi munagwirapo ntchito pa kampani ino? Munalemba kuti ayi. Pansi apa munasaina kuti mukadzapezeka kuti munanama, ntchito ithe tsiku lomwelo. Bodza limeneli si la 2009, bambo. Ndi la m'fayilo yatsopano."

"Sindinaname!"

"Ndiye yabodza ndi kalata ya leroyi?"

"Eya. Iyayi. Bwana, ndimati ntchitoyi isathe."

"Sankhani chimodzi. Munatinamiza mu 2021 kapena mwatinamiza lero? Konsekonse njira ndi imodzi, ya kugeti."

Achimwene anatembenukira kwa ine. Ndinaimirira n'kulankhula kwa mphindi khumi za zaka zitatu zopanda ngozi, za ana asukulu, za chifundo. Ndinalankhula bwino, mpaka Favour anawerama. Koma kunali kutungira madzi m'dengu.

Anawalanda makiyi a lole. Anawauza kuti ali ndi masiku asanu ndi awiri ochita apilo, ngati angabweretse umboni watsopano.

Titatuluka pageti anandigwira paphewa. Ndinkayesa andimenya.

"Usadandaule, mphwanga. Wayesetsa. Fomu ija tonse tinaiiwala."

6

Zokambidwa m'chipinda sizinathere momwemo. Pofika Loweruka madalaivala onse a pa Kamwendo anali atamva, ndipo mkazi wa mmodzi wa iwo anakafikitsa nkhaniyo ku Chiosya, yathunthu, ndi mimba yomwe.

Ndinafika Lamlungu masana, nditaitanidwa monga nkhoswe ya banja lawo. Zovala za achimwene zinali pabwalo, m'thumba la feteleza.

"Alamu, takhalani pansi timvane," ndinatero.

"Timvane chiyani? Anasaina kapena sanasaine?" A Linda sankakuwa. Ankalankhula motsitsa, ndipo bola akanakuwa. "Mu 2009 mwana wanga woyamba anagonekedwa m'chipatala milungu itatu. Ine ndinkagona pasimenti. Awa ankatumiza mawu kuti abwana ku Chipata akuwakaniza. Kani Chipata yake inali ku Dambe, koti munthu apita ndi njinga n'kubwerako dzuwa lisanalowe?"

"Amake Chikondi, ndinali ku Chipata," anatero achimwene. "Ndinasaina kuti ntchito isathe. Eneya, tawauza."

"N'zoona, alamu. Ndinawalangiza ndine."

"Inu ndi mbale wawo, mungati chiyani? Munaonapo munthu wosalakwa akuvomera mimba ya eni? Mudzi uno ndi wakwathu. Nyumbayi yakhala pa dothi la amayi anga. Atenge thumba lawo."

Achimwene anasenza thumba lija kupita kwa amayi, munthu wa zaka makumi anayi ndi zinayi. Panjira anandifunsa kuti apilo tilemba liti. Ndinawayankha kuti tisafulumire, tiyambe taona umboni.

A Linda sanakhutire. Lolemba m'mawa anakwera njinga yamoto kupita ku Dambe kukafunafuna mkaziyo, kuti amuone ndi maso awo. Ine ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti matenanti a ku Phalombe anabwerera kwawo kalekale. Ambiri anabwereradi.

7

Lachitatu masana a Linda anatiitanitsa tonse kwa amayi. Tinakhala pakhonde, amayi, achimwene ndi ine. A Linda anatulukira ndi mayi wina woonda, wovala chitenje chakutha, mapazi ali mbuu ndi fumbi.

"Amuna anu aja ndi awa," anatero a Linda akuloza achimwene. "Apatseni moni."

Mayi uja anayang'ana achimwene kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Awa sindikuwadziwa."

"Musaope. Nenani zoona, palibe akumenyeni pano."

"Ndati sindikuwadziwa. Mphuno akufanana nawo, koma si awa."

Kenako maso ake anafika pa ine. Ndinali nditakhala kumapeto kwa khonde, chipewa nditachitsitsa. Anandiyang'ana mosafulumira. Anapinda mawondo pang'ono, monga ankachitira pawindo lolandirira phoso.

"Muli bwanji, a Kefasi? Mwanenepatu."

Owerenga, ndakuyendetsani mtunda wautali ndisanakuuzeni chimene ndinachidziwa nditangotsegula envelopu ija. Galu uja ndine. Mu 2008 ndinalibe pepala lililonse, Sitandade 8 inali itandikana kawiri. Titamva kuti ku Dambe akufuna kalaliki wa Folomu 2, amayi anatsegula sutikesi. Abale tinawauza kuti ndapita ku Kasungu kukalima. Kwa chaka ndi miyezi itatu ndinali Kefasi. Atandichotsa ndinabwezera setifiketi pamalo pake, n'kukayamba sukulu yamadzulo ndi dzina langa lenileni, lopanda banga.

Fomu ya 2021 ija sindinaiiwale. Tinadzaza limodzi patebulo la kunyumba kwanga, ine ndikuyesa kuti mafayilo a ku Dambe anatha ndi chiswe. Polemba kalata mu tiyirumu muja ndinkadziwa bwino lomwe chimene nambala 9 idzachite Lachisanu. Koma chala chija chikanakana achimwene, funso lotsatira likanakhala lakuti mwini wake ndani. Ndinasankha kuti ntchito yawo ithe kusiyana n'kuti inki ibwere patebulo.

Achimwene sanayang'ane ine. Anayang'ana amayi.

"Amayi?"

Amayi anakonza mpango wawo. "Pepalalo linkangogona mu sutikesi. Iwe unali kwa eni, sunkaligwiritsa ntchito. Mng'ono wako afe ndi njala pepala lilipo? Ndinu a mimba imodzi."

"Sabata yatha ndinakufunsani."

"Ndikanati chiyani? Ndipereke mwana wina kuti ndipulumutse wina? Iwe ndiwe wolimba, upeza ina. Uyu ntchito yake ndi ya mu ofesi."

A Linda anakhala pansi pa dothi, manja kumutu.

Mayi uja, Tiyamike, anali chiimire. "Ine sindinabwere kudzapempha kanthu," anatero. "Mayi awa anandiuza kuti mwamuna wawo akukana, ndiye ndinati ndikaone nkhope ya munthu wokana. Mwana ndi wamkazi, dzina lake Tadala, ali Sitandade 8. Kusukulu, kuchipatala, kutchalitchi, konse bambo ake ndinalembetsa Kefasi. Ndiye mundiuze, ndikamuuze kuti bambo ake ndani?"



"Mayi," anatero a Linda, "tipite nanu ku ofesi mukanene zomwezi."

"Ku ofesi ya kampani imeneyo? Bambo anga atadandaula, chaka chotsatira anatiuza kuti munda wathu waperekedwa kwa ena. Mwini chala ndi uyo wakhala apoyo. Mukufuna ine kuti nditani?" Anamanga chitenje chake n'kulunjika kumsewu, osatsanzika.

Achimwene anadzuka n'kudzaima patsogolo panga.

"Eneya, sindikumenya. Chifukwa chake sindikufunsanso. Apilo itseka mkuja, Lachisanu, folo koloko. Ubwere ku ofesi, unene dzina lako, uike chala chako pa inki. Basi. Ukatero, zina zonse ndidzazikwirira ndekha."

"Ndibwera, achimwene."

"Undiyang'ane."

Ndinawayang'ana. "Ndibwera."

8

Lachinayi ndinakhala ndikuganiza. Kupeza ntchito ndi setifiketi ya wina ndi mlandu wa apolisi. Ntchito yanga ya pa boda ndi ya mapepala a anthu, ndipo palibe bwana angasunge kalaliki amene anayendapo ndi pepala lobwereka. Mkazi wanga Elizabeth anali atamva kale zonse kwa a Linda. Analira m'mawa wonse. Masana anatuluka kuchipinda maso atatupa.

"Ndiye mawa mukupitadi?"

"Ndinalonjeza."

"Munalonjeza. Nanga ana anu munawalonjeza chiyani? Awo ntchito yawo yatha kale. Mukufuna m'banja limodzi ithe ya anthu awiri?"

Sindikunena izi kuti ndimusenzetse mlandu. Anangotchula mokweza zimene zinali kale mumtima mwanga.

Lachisanu ndinavala jekete, ndinakwera minibasi, ndinatsika pa Kamwendo thu koloko. Ndinalowa m'shopu ya mbewu ndi mankhwala a ulimi, tsidya lina la msewu, n'kuima kuseri kwa matumba a soya. Kuchokera pamenepo geti ya kampani inkaoneka bwino. Achimwene anali ataima pamenepo atavala malaya oyera ositidwa, a Linda ali pambali pawo. Minibasi iliyonse ikaima ankasomphola khosi kuyang'ana otsika.

Ndinadziuza kuti ndiganize kaye mphindi zisanu. Foni inalira m'thumba. Ndinaisiya. Inalira kakhumi ndi kamodzi.

"Mukufuna mbewu yanji, bambo?" anafunsa wa m'shopu.

"Ndikuyang'ana kaye."

"Mwayang'ana ola lathunthu. Matumbawo sasintha mtundu."

Itakwana firii koloko Favour anatuluka, analankhula nawo pang'ono, n'kuloza wotchi yake. Achimwene anagwedeza mutu n'kulozanso ku siteji, ngati akuti munthuyo ali m'njira. Folo koloko mlonda anakoka geti. Iwo anaimabe theka la ola, mpaka a Linda anawagwira dzanja n'kuwakoka. Ndinali pamtunda woti ndikanatsokomola akanandimva.

Pambuyo pake achimwene anapita ku ofesi ya zantchito ku boma. Anawalandira bwino, n'kuwauza zoona: mlandu ulipo, koma kalata yovomera imene anasaina okha ndi yolemera, pokhapokha zala ziyesedwe ndipo mwini chala apezeke. Akanatha kundinenera kupolisi. Koma wotsegula sutikesi anali amayi, ndipo achimwene si munthu woti angakhazike amayi ake pabenchi la apolisi. Zimenezonso ndinkazidziwa pamene ndinkaima kuseri kwa matumba a soya.

Anafunsira ntchito kwa eni malole anayi. Onse anaimba foni ku kampani ija, ndipo yankho linali limodzi: anachotsedwa kawiri, koyamba chifukwa cha mwana wa tenanti, kachiwiri chifukwa cha bodza. A Linda anawabwezera m'nyumba, koma ntchito sinabwerere. Pano amapalasa njinga yakapalasa, kunyamula matumba a eni kudzera njira ya kumunda kupita ku Zambia. Chikondi, mwana wawo woyamba, anasiya sukulu ali Folomu 3.

9

Tinakumana mu Disembala pa maliro a msuweni wathu. Pochokera kumanda anandipeza pakanjira, anthu ali patsogolo.

"Eneya."

"Achimwene."

"Dzina limenelo usanditchulenso. Ndili ndi mawu amodzi. Ukadzafa ndidzabwera. Ndidzatenga khasu n'kulowa m'dzenje pamodzi ndi adzukulu, ndidzakukumbira bwino."

Anapitirira. Kwathu mbale sakumba manda a mbale wake. Amakumba ndi anthu apadera.

Owerenga, inu amene muli pantchito, pemphani kuona fayilo yanu musanayambe kuifuna. Mukaitanidwa ku mlandu, pitani ndi wokuperekezani, koma mudzifunse kuti iyeyo ataya chiyani inu mukapambana. Ndipo musasaine chimene simunachite, ngakhale wokupatsani cholembera atakhala woyamwa bere limodzi ndi inu. Ufulu wonse umene ndinawawerengera achimwene unali woona, ndime ndi ndime. Ndi womwewo ndinawamangira.

Inu makolo amene muli ndi setifiketi ya mwana wina mu sutikesi, ndipo wina akulira ntchito pakhomo, musatsegule. Dzina likapita kukagwira ntchito silibwera lokha.

Chikhululukiro sindikupempha, chifukwa palibe chimene ndachita choti munthu andikhululukire nacho. Tadala sindinamuonebe. Ntchito yanga ilipo, Lolemba lililonse ndimasita malaya. Mwina mukuyesa kuti polemba izi ndavomera mlandu tsopano. Iyayi. Bwana aliyense atawerenga nkhaniyi sangapeze geti yoti akagogodepo, chifukwa mayina onse ndasintha. Ngakhale la Eneyali ndabwereka.